Mfuti Yowala ya Kingstone

Mfuti ya Kingstone Zgambo inafika patebulo panga m'jumbo lakuda, Lachiwiri m'mawa, mwini wake ali kale kumochale. Amene anaibweretsa anaiika mofulumira ngati mbale yotentha n'kutuluka osakhala pansi. Sindinamudandaule. Sabata imeneyo panalibe wapolisi amene ankafuna kuyang'anana nane nthawi yaitali.

Ine ndine Sajeni Malizani. Kwathu ndi ku Dedza, koma zaka khumi ndi zinayi ndathera kuno ku Mzimba pa ntchito imodzi, yosunga ndi kukonza mfuti za apolisi. Anthu akamva zimenezi amayesa ndine munthu woopsa, pamene ntchito yanga ndi ya nsanza, kaburashi, ndi makalata opempha zinthu zimene sizibwera. Ndinapempha mfuti zatsopano mpaka dzanja linazolowera kulemba lokha. Ndinatsika, n'kupempha masipuling'i okha. Ndinatsikanso, n'kupempha mafuta opaka mfuti, kabotolo kokwana m'thumba la malaya. Pofika Julaye wa chaka chatha tinali titakhala miyezi isanu ndi inayi opanda dontho la mafutawo, ndipo yankho linali lomwe lija lakuti nkhani yanu tikuiona.

Kingstone ankagwira pa polisi yaing'ono ya pa Chamuhanya, kummwera uko cha kumalire a Kasungu. Kumeneko kuli mfuti zinayi zam'chiuno, zimene timati pisito, ndipo zonse zinabadwa anyamata ozinyamulawo asanabadwe. Kachipinda kosungira mfuti kanayamba kudontha kalekale, ndiye zinangololedwa kuti aliyense azisunga yake kunyumba, kumalayini kumene apolisi amakhala, m'bokosi lokhoma. Ndinakana, ndinalembanso kalata, kenako ndinatopa.

Mu Julayemo Kingstone ndi mnzake Walter anatumizidwa kukathandiza kulondera nkhalango ku Chikangawa. Ananyamula mfuti imodzi anthu awiri, ya Kingstone, poti pa Chamuhanya sipakanatsala popanda kanthu. Loweruka m'mawa, chifunga chitaphimba mapaini, anapezerera anthu asanu akucheka matabwa mobisa. Anthuwo sanathawe. Anatola zikwanje n'kuyamba kubwera.

"Anaitulutsa, a sajeni," Walter anandiuza pambuyo pake, dzanja lake lili m'bandeji. "Analoza m'mwamba kuti awaopseze. Anakhethemula katatu. Ine ndinamva ndi makutu angawa, kete, kete, kete. Mbwenu anthu aja anaseka."

Ndinayala nsanza patebulo n'kuitulutsa m'jumbomo. Kunja inali yowala monga ndinkaidziwira, yopanda ndi kadontho komwe ka dzimbiri. Zipolopolo zinali zabwinobwino, chimodzi chokha chinali ndi kachizindikiro kakang'ono kumbuyo. Nditaimasula ndinapeza kamsomali komenya chipolopolo kakukanirira m'njira yake. Ndinakakankha ndi waya, kanatuluka pang'onopang'ono katakutidwa ndi zinthu zoderako zonanda ngati ulimbo. Ndinanunkhiza. Fungo lake aliyense wodutsa pamsika amalidziwa, la chiwaya cha tchipisi chimene chakhalitsa osatsukidwa.

Anali mafuta ophikira. Tsiku loyamba amawalitsa chitsulo kuposa athu aja, ndipo dzimbiri silifika. Koma akalowa m'kati amakhala momwemo, amauma pang'onopang'ono, amagwira fumbi. Kotentha mfuti imatha kulirabe mokakamiza. Ukapita nayo ku Chikangawa mu Julaye, kumene madzi am'ndowa amaluma zala, zonse zimalimba gwa, ndipo kamsomali kamangofika pa chipolopolo ngati kakupereka moni.

Apa ndinakumbukira Febuluwale. Lamulo limati ndizifika pa polisi iliyonse pakatha miyezi itatu, n'kumasula mfuti iliyonse. Ku Chamuhanya ndinafikako komaliza mu Febuluwale, pagalimoto yopempha, woyendetsa akuliza hutala panja kuti mvula itipeza pamlatho. Mfuti zitatu zinali ndi dzimbiri, ndinazimasula n'kuzipala zouma. Ya Kingstone ndinangoikweza m'mwamba kuti onse aione.

"Taonani mfuti ya munthu," ndinatero. "Zanuzi zili ngati makasu a chaka chatha. Kuchititsa manyazi."

"Si ine, a sajeni," Kingstone anayankha akuseka. "Ndi a Nyasoko kunyumba. Iwo aja chitsulo chilichonse chimawaopa, kuyambira mapoto."

Tinaseka tonse, ndinamubwezera mfuti yake, ndinathamangira galimoto. Sindinafunse kuti a Nyasokowo amapukuta ndi chiyani.

A Nyasoko ndi Temwa, mkazi wa Kingstone, mayi wa ana awiri aakazi, Loyce wa zaka zisanu ndi chimodzi ndi Philomena wongosiya kumene bere. Ndinkamudziwa ngati mmene munthu umadziwira akazi a anzako, ndinkamutcha mlamu, ndipo ndikafika kumalayini sankandilola kuchoka ndisanamwe tiyi. Anali mayi wa pabwalo posesedwa mpaka kumsewu.

Tinaika maliro Lachinayi kwao kwa Kingstone ku Engutwini. M'mawa mwake abale anakhala pansi kukamba za imfayo, ndipo bwana wanga anandiuza kuti nditsale, poti iwo anapempha munthu wodziwa mfuti. Tinakhala kuseri kwa chigafa cha fodya, amuna pamipando, amayi pamphasa. Temwa anakhala payekha chapatali pang'ono, wopanda nsapato, mpango wakuda utafika m'maso, Philomena ali pamiyendo. Woyendetsa nkhani anali a Zondwayo, mkulu wake wa Kingstone, munthu wamtali wosathamanga poyankhula.

"Tiyankhula Chichewa kuti a sajeni amve," anatero a Zondwayo. "Mng'ono wathu wafa mfuti ili m'manja. Sono mlongo wathu uyu akuti atapita kukacheza ku Chamuhanya anaona ndi maso ake mlamu wathu ataika mfutiyo pamiyendo. Pakhomo pano mkazi sagwira chida cha mwamuna, chimazizira. Amene anatiuza zimenezi sanali opusa yayi. Ngati ndi iye waiziziritsa, anyamuke abwerere kwao kwa a Soko. Ana ndi a Zgambo, ng'ombe za malowolo zinapita zonse, atsala pano. Ngati si iye, nyumba ya malemu ndi iyo, akhale alere ana ake."

Anamuuza Temwa kuti ayankhe. Iye sanadzutse mutu.

"Ndinkaigwira, enya," anatero. "Yunifolomu ndinkasita ndine, nsapato ndinkapolisha ndine. Mfuti inayamba dzimbiri ndi mvula, amuna anga awiske Loyce akudandaula tsiku ndi tsiku kuti mafuta kulibe. Ndikanangoyang'ana? Iwo ankachotsa zipolopolo n'kundipatsa. Lamulungu lililonse tikabwera kutchalitchi ndinkatenga kansalu ndi..."

Ndinaimirira asanamalize. Za kuzizira kwa chida ine sindikhulupirira, koma ndinadziwa kuti mawu otsatirawo akatuluka, ndipo ine n'kufunsidwa, ana awiri aja agona opanda mayi.

"Mfutiyo ndaitsegula ndine," ndinatero. "Kansalu ka mayi awa sikanalakwe kanthu. M'kati muli sipuling'i imene inatha mphamvu, ndipo woyenera kuiona ndinali ine. Mu Febuluwale ndinaigwira m'manja mwangamu, sindinaitsegule, ndinkathamangira galimoto. Mukafuna amene wapha mng'ono wanu, kupatula aja a zikwanje, ndi ine ndaima pano."

Mayi wina wachikulire analavulira pafupi ndi nsapato zanga. A Zondwayo anatembenukira kwa ine.

"Mungalumbire?"

"Ndalumbira."

"Pamanda ake?"

"Pamanda ake, dothi lisanaume," ndinatero.

Nkhani inathera pamenepo. Temwa anapatsidwa nyumba ya malemu, ine ndinaperekezedwa ndi maso okha mpaka kumsewu. Mu lipoti ndinalemba zomwezo, sipuling'i yakufa ndi sajeni waulesi, ndipo akuluakulu amene miyezi isanu ndi inayi ankaiona nkhani ya mafuta anayankha yanga m'masiku atatu. Ndipereke makiyi pakutha pa mwezi, ndidikire mlandu. Sindibisa, mtima unapepuka. Masiku angapo ndinayenda pa Boma mutu uli m'mwamba, ndikudziona ngati munthu wabwino kwambiri amene anthu sakumudziwa. Sindinaganize ngakhale kamodzi za mfuti zitatu zotsala zija.

Ndinaziganiza patapita masabata awiri, Lachisanu, nditapita ku Chamuhanya kukaziona komaliza ndisanapereke makiyi. Ndinakwera minibasi, ndinamalizira pa kabaza, botolo la palafini lili m'chikwama. Anyamata anandiyalira mfuti zitatuzo pabenchi kuseri kwa ofesi, dzuwa lili pamutu. Zonse zitatu zinali kunyezimira ngati ya Kingstone ija.

Ndinayamba ndi ya Walter. Kamsomali kanatuluka ndi ulimbo womwe uja, fungo lomwe lija. Yachiwiri chimodzimodzi, yachitatu chimodzimodzi. Ndili pakati popala, Iness, mkazi wa Walter, anabwera ndi madzi akumwa. Ndi mayi wamfupi wosasunga mawu m'kamwa, ndipo kuyambira pa maliro sanandipatseko moni wabwino.

"Lero simunena kuti ndi makasu," anatero akuika kapu pansi. "Mutachoka ulendo uja amuna athu sanadye ndi manyazi. Tinapita tonse kwa a Nyasoko kuti atiphunzitse. Pano Lamulungu ndi Lamulungu, kusita, kupolisha, kupaka."

Walter anali atauzidwa kale kuti Lolemba abwerera ku Chikangawa, ulendo uno ndi mfuti yakeyake. Ndikanatha kuzitsuka zonse ndi palafini tsiku lomwelo, ndipo ndinali kuchita zimenezo. Koma mkuja lake linali Lamulungu, ndipo wolowa m'malo mwanga sakanafika kuno mvula isanagwe. Ndinaitana amuna atatuwo n'kuwauza kuti kuyambira lero munthu wa kunyumba asagwirenso mfuti, ndipo pasapakidwe kanthu kalikonse. Anati yewo a sajeni, ndi mawu aja amene timayankhira lamulo lililonse limene tikaliiwale pachipata. Iness ndiye sanabise.

"Chifukwa chake?"

"Ndi lamulo."

"Lamulo la ndani? La munthu amene anasiya sipuling'i yakufa m'mfuti ya mnzathu?" Anatola kapu yake ndisanamalize madzi. "Mafuta simutumiza, kubwera simubwera, sono mukuti tisiye zichite dzimbiri. Amuna athu tiwasamala tokha, adada. Inu munayesa, taona."

Bodza langa linali litagwira ntchito bwino kwambiri moti panalibenso wondimvera. Chotsala chinali kunena chifukwa chenicheni, ndipo kumalayini nkhani ikalowa khomo loyamba masana, dzuwa lisanalowe imakhala itakwera kale minibasi. Ndinakhala pabenchipo, kamsomali ka Walter kali m'manja, mbali ino ana awiri a Temwa, mbali inayo Walter ndi chifunga cha Lolemba.

Sindinadziwe kuti Temwa analipo tsiku limenelo. Anali atabwera kudzalongedza katundu m'nyumba ya boma, ana atawasiya ku Engutwini. Ndinangoona chithunzithunzi chagwera pabenchi, kudzutsa mutu ndi iye, m'zovala zakuda, atanyamula kabotolo kakang'ono kotsekera ndi chitsononkho ndi kansalu kopindidwa bwino.

"Mwatandala uli, alamu," anatero. "Ndamva kuti mwabwera. Ndimafuna ndikuuzeni kuti ine ndilibe nanu chifukwa. Munthu wina akanabisa, inu munanena pamaso pa anthu. Chiuta akuona."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa malovu a mayi uja. Ndinafunsa za kabotoloko, ngakhale ndinkadziwa.

"Ndikasiyire Iness. Ine ndilibenso chopukuta."

Kenako maso ake anatsikira pansanza. Anaona zonanda zija, anaona zala zanga, anaona mfuti zitatu zili zidutswazidutswa. Anawerama, anatola kamsomali ka mfuti yachiwiri kamene ndinali ndisanatsuke, anakayandikitsa kumphuno. Mayi amene wakazinga mandasi moyo wake wonse safuna sajeni womuuza kuti fungo limenelo ndi la chiyani. Anakakanikiza ndi chala, kanamatirira.

"Komenya chipolopolo ndi aka?" anafunsa.

"Ndi kameneko."

"Kakamata chonchi kamamenya?"

Ndinatola nsanza n'kuyamba kupukuta zala.

"Ya awiske Loyce inali chonchi?"

"Mlamu, sipuling'i..."

"Ndapota, alamu. Musandinamize kawiri."

Ndinavomera ndi mutu kuti inali chonchi. Ndinkayembekeza kuti agwa, kapena alira mokweza anthu n'kuthamangira kuno. Anangokhala pansi padothi, miyendo yotambasula ngati pa maliro, kabotolo kali pamiyendo, akuyang'ana khoma la ofesi. Milomo inkayenda koma mawu osatuluka. Ndikuganiza kuti ankawerenga ma Lamulungu.

Patapita nthawi anafunsa kuti Walter apita liti kunkhalango. Ndinati Lolemba. Anafunsa ngati ndawauza amayiwo kuti asiye. Ndinati ndawauza, sanandimvere.

"Sangakumvereni," anatero. "Ndinawaphunzitsa ndine."

Anadzuka, anasasa fumbi pachitenje. Ndinamugwira mkono, chinthu chimene sindinachitepo kwa mkazi wa mnzanga.

"Mlamu, chonde. Ndipeza njira ina. Ndizitenga mfutizi, ndilemba kalata. Mukanena, mawa zili ku Engutwini. Ganizirani Loyce ndi Philomena."

"Mukazitenga apite ndi chiyani kunkhalango, ndodo? Makalata anu tikuwadziwa." Anachotsa dzanja langa mosakalipa. "Ana anga ndawaganizira. Iness ali ndi atatu."

Ndinamuona akuyenda kumalayini, khomo loyamba, lachiwiri, lachitatu. Pakhomo lililonse ankaima panja, osalowa, n'kuyankhula pang'ono. Kwa Iness anakhalitsa. Ndinamva kulira, koma kunali kwa Iness. Pobwerera anali ndi timabotolo tinayi m'manja, anatikhuthulira m'dzenje la zinyalala kamodzikamodzi, n'kutaya ndi tinsalu tomwe. Ine ndinamaliza kutsuka, ndinapita nazo mfutizo kudambo ndi Walter, tinawombera chulu. Zinalira zonse zitatu.

Iness analumbira kuti satulutsa mawu, ndipo ndikukhulupirira kuti anayesetsa. Koma makomo anali atatu. Lachiwiri Walter anandiimbira ali ku Chikangawa kuti ku Engutwini amva, ndipo Lachitatu m'mawa ndinali kale pa kabaza wolowera kumudziko.

Ndinapeza nkhani itatha. Chikwama cha Temwa chinali chomanga, chili pakhonde la nyumba ya malemu, iye atakhala pambali pake. Ana anali atawatsekera m'nyumba ya a Zondwayo kuti asaone amayi awo akuchoka, ndipo Loyce ankaitana m'katimo, osati mokuwa, koma mobwerezabwereza ngati mwana amene waitana kuyambira kale. A Zondwayo ndinawapeza kuchigafa akusanja mitengo. Sanandipatse mpando.

Ndinawauza zonse, ulendo uno zoona zokhazokha. Ndinati mafuta oyenera kunalibe miyezi isanu ndi inayi. Ndinati mayiyu anachita zimene mkazi wokonda mwamuna wake akanachita, ndipo Kingstone yemwe ankamupatsa mfutiyo ndi manja ake. Ndinati amene anayamikira pagulu ndine, amene sanafunse ndine, amene sanatsegule ndine, ndipo kuti pali amuna atatu amene akuyenda lero ndi mfuti zolira chifukwa mayiyu sanadzibise. Anandimvetsera mpaka kumapeto, ulemu umenewo anandipatsa.

"A sajeni," anatero, "tsiku lija munalumbira pamanda a mng'ono wanga kuti ndi sipuling'i. Lero mukuti ndi mafuta, koma wolakwa ndinu ndithu. Sono ine nditenge ziti? Mwina mawa mubwera ndi zina." Anatola mtengo wina n'kuuika pamulu. "Ife tinati mkazi akagwira chida chimazizira. Mwatiuza nokha kuti chinazizira. Pitani bwino."

Ndinayesanso, anandipatsa msana. Ndikanakhala kuti tsiku loyamba lija ndinanena zoona zonse, mwina akanagawa mlandu pakati, mwina ayi. Funso limeneli ndimadzuka nalo mpaka lero, ndipo yankho ndilibe. Chimene ndikudziwa n'chakuti tsiku limene mawu anga akanathandiza ndinali nditawawononga kale.

Ndinamunyamulira Temwa chikwama mpaka pa mtengo wa muwanga kumapeto kwa mudzi, pamene wa kabaza ankadikira. Palibe wina anatiperekeza. Mawu a Loyce ankamvekabe mpaka pamenepo, ang'onoang'ono, akubwera ndi mphepo. Temwa sanacheuke, koma nthawi iliyonse mwanayo akaitana phazi lake linkachedwa kunyamuka.

"Alamu," anatero wa kabaza akumanga chikwama, "mukanaitsegula mu Febuluwale, mukanaona?"

"Ndikanaona."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Za Walter ndi anzake munaziyesa?"

"Ndinaziyesa. Zinalira zonse."

"Mbwenu, basi," anatero.

Anakhala pa kabaza chammbali, anakonza mpango wake wakuda, n'kumuuza mnyamatayo m'Chitumbuka kuti apalase msanga mwana asanapeze potulukira. Kwa ine sanatsanzike. Ndinaima pamenepo mpaka anazimiririka kuseri kwa minda ya fodya yokololedwa, ndipo kumbuyo kwanga Loyce anali akuitanabe amama.